Ndodo za gofu za kaunjika patatha pafupifupi chaka: zonse zili bwino kupatula wedge

Mutu wa sand wedge yanga, ndodo yotulutsira mpira mu mchenga, wagulukanso sabata yatha, ndipo mmisiri wa ku Blantyre amene ndinamutumizira ndodoyo wati kukonza kwake ndi K65,000, osawerengera ya basi. N'chifukwa chake ndabwereranso pa zimene ndinalemba nditangogula ndodozi, nthawi imene ndinkayamikira chilichonse. Kwa amene simunawerenge: ndinagula seti ya kaunjika kwa bambo ena a ku Blantyre amene amaoda katundu wa masewera ku Johannesburg n'kumagulitsa pa Facebook. Munali driver (ndodo yomenyera kutali kwambiri), ma iron (ndodo za mitu yachitsulo) kuyambira 5 mpaka pitching wedge, putter (yogubuduzira mpira kudzenje) ndi chikwama, zonse pamodzi K780,000. Ndinagulanso neti yomenyeramo mpira pakhomo ndi choimikira foni cha miyendo itatu. Sand wedge ya madigiri 56 anangondiponyeramo ngati basela.

Ma iron ndilibe nawo mlandu. Putter ndi yolemera bwino m'manja. Chikwama zipi imodzi inafa, zinazo zikugwira. Driver ndimaitulutsa kwambiri ndikapita ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo sinandikhumudwitsepo. Neti yapirira dzuwa la kuno ku Mangochi ngakhale yasuluka, ndipo Mwera utawomba mu July inangofuna miyala kumiyendo.

Choimikira foni ndinachigula ndi cholinga chimodzi, kudzijambula ndikumenya kenako n'kuyerekeza ndi akatswiri. Miyezi yoyambirira madzulo anga onse ankathera pa YouTube, kanema nditamuchepetsa liwiro kufika pa 0.25, kuyang'ana mmene Rory McIlroy amayambitsira chiuno kubwerera manja akadali m'mwamba, ndi mmene Ernie Els amamenyera mosafulumira koma mpira n'kupita kutali. Ma bundle anapita ambiri. Sindikunena kuti zinapita pachabe. Kwa Els ndinatengako kudekha, ndipo foni inandionetsa kuti mutu wanga unkadzuka mpira ndisanaukhudze, chinthu chimene thupi silinkandiuza. Koma ukawaonetsetsa anthuwa umapeza kuti palibe swing (kamenyedwe ka mpira) imodzi yolondola. Ya Jim Furyk imapindika mwachilendo kumtunda, komabe ndi iye amene anamaliza maenje 18 atamenya ka 58 kokha pa PGA Tour, mipikisano ya akatswiri ya ku America, mu 2016. Amafanana pa kamphindi kamene ndodo ikugunda mpira basi: thupi latsamira mwendo wakutsogolo, manja ali patsogolo pa mutu wa ndodo.

Swing inayamba kuoneka bwino pa kanema, koma pa khadi lolembapo kuti wamenya kangati manambala sankatsika. Amene anandithandiza ndi caddie (wonyamula ndodo) wina wachikulire pa bwalo la maenje 9 la ku Makokola. Anandiuza kuti, "Achimwene, pofika pafupi ndi green (kapinga wosalala wozungulira dzenje) mumafika bwinobwino. Tawerengani zimene mumamenya mukatsala ndi mamita 50." Nditawerenga ndinapeza kuti zoposa theka zimathera pomwepo: chip (kumenya kwakufupi kokweza mpira pa green) yoperewera, ina yodumpha green yonse, kenako ma putt (kugubuduza mpira kudzenje) atatu.

Apa m'pamene wedge ya basela ija inasanduka ndodo yofunika kuposa zonse m'chikwama. Ndinasiya makanema a driver n'kuyamba kufufuza a Seve Ballesteros, Gary Player ndi Phil Mickelson. Mbiri ya Seve inandigwira mtima chifukwa anaphunzira gofu ali mwana pa mchenga wa kugombe la kwawo ku Pedreña, ku Spain, ndi 3-iron imodzi yokha. Ife kuno mchenga tili nawo wosatha, ndipo sitilipira. M'mamawa asodzi akamakoka makoka ine ndimakhala chapatali ndi mipira yanga yakale, ndajambula mzere pa mchenga, kuyesa kugwetsa ndodo pa mzerewo nthawi zonse. Mu bunker, dzenje la mchenga la pa bwalo, sumenya mpira, umamenya mchenga masentimita atatu kapena asanu kumbuyo kwake, nkhope ya ndodo utaitsekula, mchengawo ndiwo umanyamula mpira. Kunsi kwa sand wedge kuli kotukuka, amati bounce, kuti ndodo izitsetsereka m'malo mokumba. Luso limeneli linatchuka ndi Gene Sarazen, amene anapambana nalo mpikisano waukulu wa ku Britain wa The Open mu 1932. Tsiku limene ndinamva koyamba ndodo ikudutsa pansi pa mpira ndi kaphokoso kogontha, mpira n'kukwera wofewa n'kuima, ndinasangalala kuposa tsiku lililonse la driver.

Ndikudziwa kuti kafukufuku wa Mark Broadie wa ku Columbia University anasonyeza kuti pakati pa akatswiri kusiyana kwakukulu kumachokera pa mipira yomenya patali, osati pafupi ndi dzenje. Sinditsutsa. Koma munthu wa ntchito ngati ine, wopanda mphunzitsi, amene bwalo amalipeza kumapeto a sabata, chimene angasinthe msanga ndi chip, bunker ndi putt. Mamita 30 owonjezera pa driver amafuna zaka. Kusiya kumenya katatu mu bunker imodzi kunanditengera miyezi yochepa, ndipo pa khadi zinaoneka.

Tsono ndodo yomweyi ndiyo yandisowetsa mtendere. Zinayamba ndi kaphokoso ngati kamwala kali m'kati. Kenako kapulasitiki kakuda kapakhosi kanayamba kukwera, mpata n'kuoneka. Ukaimika ndodo pansi n'kupotokola, mutu umatembenuka pang'ono, ndipo pa chip kupotoka kochepa kotero n'kokwanira kutumiza mpira kumbali. Ndinawaimbira bambo aja. Anandilandira bwino, nati, "Bwana, ndi kutentha kwa kwanuko, musamazisiye m'galimoto." Zinali zomveka, chifukwa mutu ndi mpini zimagwirana ndi guluu wa epoxy, ndipo amisiri akafuna kuchotsa mutu amachita kuwotcha. Mu October buti ya galimoto kuno imatentha zedi. Ananditumizira guluu pa minibasi kudzera ku Liwonde, mwaulere, ndipo tsiku limenelo ndinawayamikira kwa anzanga onse.

Guluuyo anali wouma m'mphindi zisanu. Anagwira masabata angapo, kaphokoso kanabwerera. Ndodo ndinali nditasiya kuzisunga m'galimoto, zimagona kuchipinda, ndiye nkhani ya kutentha inali itatha. Ndinamatanso, inagwira, inamasukanso. Ulendo womalizawu mutu unaguluka ngati khasu mu mpini, n'kuuluka kudutsa pafupi ndi mwendo wa caddie. Chitsulo cha pafupifupi magalamu 300 chikanam'peza pa bondo tikanakamba zina, ndipo mpaka pano ndikaganiza mtima umandiwawa.

Mmisiri uja ndiye wapeza gwero. Mpini umene uli pa wedge imeneyi si wake. Wina anaikapo wa nsonga yopyapyala, ya mainchesi 0.355, m'khosi la 0.370, osaikamo kachitsulo kotseka mpata. Guluu yekha ndiye ankadzaza malowo, ndipo ndodo imene ntchito yake ndi kugunda mchenga tsiku ndi tsiku singapirire choncho. Pakufunika mpini wina woyenera, grip (chogwirira) yatsopano ndi epoxy youma tsiku lathunthu. Ndiyo K65,000 ija.

Nditawatumizira zithunzi ndi mawu a mmisiri, ogulitsa aja anasintha. Mauthenga a pa WhatsApp ankawerengedwa osayankhidwa. Atayankha anati wedge sinali pa mtengo, inali mphatso, ndiye sangaikonze. Zimenezi zandipweteka kuposa ndalamazo. Pokambirana mtengo ndinkafuna andichotsere K50,000, iwo anakana nati m'malo mwake andipatsa wedge. Uthenga umenewo ndikadali nawo. Ndodo imene yalowa m'malo mwa kuchotsera mtengo ndiye kuti ndinaigula.

Masiku ena, ndikamenya 7-iron n'kuona mpira ukuwongoka, ndimati K780,000 inagwira ntchito, pakuti seti yatsopano yotere sindikanaikwanitsa mmene kwacha ilili chigwereni mu November 2023. Masiku ena ndikaona chikwama chopanda wedge ndimapsa mtima, chifukwa pitching wedge mu mchenga imangokumba. Amene mukufuna kugula za kaunjika, gwirani mutu wa ndodo iliyonse n'kupotokola musanatumize ndalama, ndipo chilichonse chotchedwa basela chilembedwe pa risiti.

Dzulo bambo aja alemba kuti angandisinthire ndi wedge ina ndikawonjezera K40,000 katundu wawo akafika. Ndawayankha kuti sindiwonjezera kalikonse, andipatse theka la ndalama ya mmisiri, K32,500, nkhani ithe. Akatero ndidzagulanso kwa iwo, chifukwa ma iron awo ndi abwino. Akakana, mmisiri ndimulipira ndekha mwezi ukatha, ndipo anzanga awiri amene amafuna nambala yawo sindiwapatsa.