Medical aid ya banja lathu: nyenyezi 2 mwa 5

Ndimakhala ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndipo ndimagwira ntchito pa fakitale ina ku Willowvale. Medical aid imeneyi ndinailowa kudzera kuntchito. Abwana amalipira theka, theka linalo amandidula pa malipiro. Pa khadi pali ineyo, mayi a kunyumba, ana athu awiri ndi amayi anga, omwe amadwala BP ndi shuga. Ndakhala nayo zaka zingapo tsopano.

Ndiyambe ndi zabwino zawo, chifukwa zilipo. Mwana wathu wamkulu anadzuka usiku akusanza, atagwira m'mimba chakumanja. Tinathamangira naye kuchipatala china cholipira ku Avenues, ndipo atamuyeza anati ndi apendikisi, afunika opaleshoni usiku womwewo. Mayi wa pa desiki anaimbira a medical aid, chilolezo chinabwera mosachedwa, mwana n'kulowa ku fiyeta. Bedi, fiyeta ndi mankhwala a m'wodi analipira iwo. Ndikanadalira thumba langa, ndikanayamba kugogoda m'makomo mwa abale pakati pa usiku mwana ali kubuula. Nyenyezi ziwirizi ndapereka chifukwa cha usiku umenewo.

Mwana atatuluka, mabilu anayamba kutitsatira. Dokotala wochita opaleshoni anatumiza yake, wogonetsa odwala anatumizanso yake. A medical aid analipira motsatira mitengo yawo, yomwe ili pansi pa imene madokotala amatchaja, ndipo shortfall yonse, kutanthauza ndalama yotsala imene iwo sanalipire, inagwera ine, m'madola a America. Tsiku lolembetsa palibe anandiuza kuti mitengo ilipo iwiri. Anangondionetsa kabuku kokongola kolemba malire a ndalama za pachaka. Ndinalipira pang'onopang'ono, ndalama zina n'kubwereka kwa alamu anga.

Chimene chikundipweteka kwambiri ndi nkhani ya amayi. Mwezi uliwonse amafunika mapiritsi a metformin a shuga ndi amlodipine a BP. Chaka chikamayamba zonse zimayenda, koma chikadutsa pakati a ku famase amayang'ana pa kompyuta n'kunena kuti gawo la mankhwala latha, tilipire kashi. Timapepala toyezera shuga kunyumba sakutilipira n'komwe. Tsiku lina mayi a kunyumba akusesa kuchipinda kwa amayi anapeza botolo la mapiritsi lidakali theka, mwezi uli kumapeto. Amayi anali akumwa lero n'kudumpha mawa, osatiuza. Nditawafunsa anati, "Mwana wanga, fizi ya ana isathere pa ine nkhalamba." Ndinawagwadira kuwapempha kuti asadzachitenso. Munthu amene dzina lake lili pa khadi, ndalama zake zikudulidwa mwezi ndi mwezi, sayenera kumawerenga mapiritsi choncho.

Za ndalama nazonso n'zosautsa. ZiG, ndalama yatsopano ya Zimbabwe, itabwera mu April 2024 tinali pa pulani yolipira ndalama ya m'dziko muno. Mu September chaka chomwecho Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya ZiG, ndipo madokotala amene tinkapitako anayamba kunena kuti tilipire kaye madola, tikabwezeredwe ndi a medical aid. Kubweza kwake kumatenga miyezi, ndalamayo n'kufika itatha mphamvu. Tinasamukira ku pulani ya madola, yomwe madokotala amailandira bwinopo, koma mtengo wake umakwera popanda kutifotokozera chifukwa. Amangotumiza uthenga pa foni. Mukaimba kuofesi amakulandirani mwaulemu ndithu, koma aliyense amakutumizani kwa mnzake. Gulu lathu lothandizana pa maliro, limene makolo athu ochokera ku Malawi anayambitsa, limatulutsa ndalama tsiku lomwelo munthu akamwalira. Ndimadabwa kuti ofesi yokhala ndi makompyuta imalephera kuchitira wodwala zomwezo.

Komabe ndikudziwa kuti ife tili m'gulu la anthu amwayi. M'Zimbabwe muno okhala ndi medical aid ndi pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 10 alionse. Anansi anga ogulitsa ku Mbare Musika, alonda ndi ogwira ntchito m'nyumba za anthu alibe chilichonse. Akadwala amayambira ku kiliniki ya khonsolo, akatumizidwa ku zipatala zazikulu za boma za Parirenyatwa kapena Sally Mugabe amasonkherana pa WhatsApp. Chonsecho gawo 76 la malamulo a dziko a 2013 limati nzika iliyonse ili ndi ufulu wolandira chithandizo chofunikira cha zaumoyo. Misonkho ya zaumoyo tikulipira kale: AIDS levy ya 3 peresenti pa msonkho wa malipiro, msonkho wa pa airtime umene unayamba mu 2017, ndi msonkho wa shuga wa m'zakumwa wa 2024. Ku Abuja mu 2001 maiko a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Boma lakhala likukamba za National Health Insurance, inshuwalansi ya zaumoyo ya anthu onse m'dziko, ndipo ine ndikuifuna ndi mtima wonse, bola iyambire pa mankhwala a BP ndi shuga m'makiliniki a m'malokeshoni, kumene anthu ngati amayi anga angayende wapansi.

Sindinatulukemo, chifukwa ndikuopa tsiku lina la opaleshoni. Ngati abwana anu akulipirako theka, lowani, koma sankhani pulani ya madola ngati mungakwanitse. Musanasaine afunseni malire a mankhwala a matenda okhalitsa, nthawi yodikira musanayambe kuthandizidwa makamaka kwa makolo okalamba ndi amayi oyembekezera, komanso mayina a madokotala amene salipiritsa shortfall. Mayankhowo akulembereni papepala. Ngati mukulipira nokha ndipo vuto lalikulu pakhomo ndi mankhwala a mwezi ndi mwezi, yambani mwafunsa mitengo yake m'mafamase angapo a m'tauni, muiyerekeze ndi zimene medical aid izikudulani pachaka.