Deep-V kapena Catamaran, Zenoah kapena Yotchipa: Boti la Petulo Kuno ku Joni

Anzanga oyendetsa timaboti ta rimoti amene mukufuna kusiya maboti a batire n'kulowa a petulo, musanatulutse ndalama kumbukirani kuti Joni ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,750 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, ndiye injini imene imalusa ku Durban ikafika kuno imafooka ndithu. Zimenezi zimakhudza thupi la boti ndi injini yomwe.

Hydro ndi outrigger, mitundu ya maboti a mpikisano, zisiyeni kaye. Zimafuna madzi abata, ndipo anazipangira kukhotera kumanja kokha pa mpikisano. Zolimbirana zenizeni ndi deep-V ndi catamaran.

Catamaran ili ndi miyendo iwiri, pakati pali mpata wodutsa mpweya. Mpweyawo umainyamula, imangokhudza madzi pang'ono, n'chifukwa chake pa injini yofanana imasiya deep-V kumbuyo. Koma chomwe chimaipatsa liwirocho n'chimenenso chimaigwetsa. Mphepo ya mu Ogasiti ija ikaiwomba kutsogolo muli pa moto wonse, mphuno imadzuka, boti n'kugadabuka chagada pakati pa damu. Ndiye ntchito yayamba: kulisaka ndi kabwato, kumasula pulagi, kulizondotsa, kukoka chingwe kambirimbiri madzi akutuluka pa bowo la pulagi, kenako kuliza injini tsiku lomwelo kuti mabering'i asachite dzimbiri. Deep-V pansi pake ndi posongoka, imang'amba mafunde m'malo mowalumpha, imakhota bwino mbali zonse ziwiri, ndipo chala chikaterereka pa rimoti imakukhululukirani. Kwa woyamba, ine ndimati deep-V ya fibreglass yotalika mita imodzi ndi pang'ono.

Pa injini, dzina lomwe mudzamve paliponse ndi Zenoah ya ku Japan: G260PUM ya 25.4cc ndi G290PUM ya 28.5cc, zonse two-stroke, zozizira ndi madzi, zoliza pokoka chingwe. Kumalo otsika ya 26 (G260PUM) imakwana. Kuno ndingatenge ya 29 (G290PUM), chifukwa kuchuluka kwa cc, kutanthauza kukula kwa injini, kumabwezako zomwe mtunda watilanda. Ziliponso zotchipa zotengera Zenoah, ndipo zipangizo zambiri zimalowana. Zina zimagwira bwino, zina kabuleta yake imakudyetsani tsiku lonse muli pagombe ndi sikuludiraiva, anzanu akuthamanga. Ngati ndinu makaniko, gulani, muikemo kabuleta ya Walbro. Ngati simuli, ndalama yomwe mwapulumutsayo idzathera m'masipeya. Injini za mpikisano zosemedwa m'kati kuti zionjezere mphamvu zimakoma m'makutu, koma zimatha msanga ndipo zimafuna munthu wodziwa kale kutchuna.

Kutchunako ndiye pamene Joni amavutira. Mpweya ukachepa petulo amachuluka, injini imatsamwa ndi kufuka utsi. Tsekani pang'onopang'ono singano ya H pa kabuleta, yomwe imawongolera petulo pa moto wonse, mukuyesa pamadzi, osati m'manja. Mukapita nalo boti kunyanja pa Disembala, itsegulaninso, apo ayi pisitoni imauma n'kukakamira. Pulopela ikhale yocheperako, injini izitha kukwera. Yaikulu imangoilemetsa ngati minibasi yodzaza pa chitunda. Mafuta sakanizani 25:1 ndi oyilo wabwino wa two-stroke.

Boti likamadutsa pafupi, diso likhale pa kamtsinje ka madzi oziziritsa injini kotuluka m'mbali. Kakasiya, udzu watseka kabowo kotungira madzi pa chiwongolero, bwezani msanga. Flex shaft, chingwe chachitsulo cholumikiza injini ndi pulopela, izisololedwa n'kupakidwa girizi mukamaliza tsiku, ndipo failsafe yozimitsa injini rimoti ikataya siginolo musaisiye, boti lolemera chonchi likathawa limavulaza munthu.

Phokoso la paipi ya utsi nalonso si la masewera. Madamu ngati Emmarentia ndi Germiston Lake amakhala ndi opalasa mabwato ndi owedza, choncho funsani oyang'anira malowo kapena kalabu ya maboti musanakoke chingwe. Funsaninso kalabuyo ma cc omwe imalola pa mpikisano, mungagule ya 29 pomwe gulu lawo ndi la 26.