Mwana waluso pa masewero ku Chigwa cha Shire: yunivesite yoyima payokha, yaboma, kapena timu?

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, m'makomo ambiri a ku Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje mumabuka mkangano umodzimodzi. Mwana mpira amautha, kapena liwiro ali nalo, ndiye apite kuti kuti luso lisafe koma sukulu nayo isaime? Njira zomwe anthu amakambirana ndi zitatu, ndipo yomwe imakometseredwa kwambiri pa Facebook, ya mayunivesite oyima paokha, ndi yomwe ikufunika kuisenda bwinobwino.

Chomwe chimasokoneza achinyamata ndi mavidiyo a ku America. Kumeneko mayunivesite amapikisana pansi pa bungwe la NCAA, amakopa othamanga powalipirira fizi, ndipo mabwalo awo amadzaza ngati kukusewera timu yadziko. Mwana akaona zithunzi za timu ya basiketibolo pa chikalata cholengezera malo cha yunivesite ya kuno, amaganiza kuti zinthu zake ndi zomwezo. Ayi ndithu. Kwathu kuno yunivesite yoyima payokha imayendera fizi ya ophunzira, ndipo masewero amadya zotsala pambuyo pa malipiro a aphunzitsi, magetsi ndi mabuku. Mpikisano wa masukulu aukachenjede ulipo kudzera ku bungwe la masewero a ophunzira la TESSAM, ndipo ndi wosangalatsa, koma ndi mpikisano wa ophunzira omwe amaseweranso mpira, osati wa osewera omwe mpirawo ukuwaphunzitsa sukulu. Wina akakulonjezani kuti mwana achotseredwa fizi chifukwa cha miyendo yake, mfunseni akulembereni pa pepala la chidindo, zaka zingati, komanso chichitike n'chiyani bondo likathyoka.

Izi sizikutanthauza kuti njirayi ndi yachabe. Ubwino wake waukulu ndi khomo lotseguka: mwana yemwe mapointi ake sanafike posankhidwa ku yaboma amapezabe malo, bola ali ndi zomuyenereza. Kwa ife akuchigwa, Catholic University of Malawi ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, yomwe idatsegulidwa mu 2006, ili pafupi. Ukakwera minibasi pa Dyeratu, kudutsa pa Thabwa n'kukwera phiri lija mpaka Blantyre, watsala pang'ono kufika. Chinanso, timu ya pa sukulu yaing'ono sivuta kulowamo. Mtsikana yemwe ankaponya bwino mpira wamanja kusekondale samakhala pabenchi chaka chonse, amasewera.

Koma mpingo womwe ndi mwini sukuluyo uli ndi mawu pa nkhani ya masewero, ndipo apa makolo ambiri safunsa. Koleji ya Malamulo ku Makwasa, gawo la Malawi Adventist University, ndi kufupi kwa anthu a ku East Bank omwe amakwera msewu wa Muona ndi Thekerani, ndipo maphunziro ake a zaumoyo ndi odziwika kuyambira kale. Komatu kumeneko kuyambira dzuwa likalowa Lachisanu mpaka litalowa Loweruka ndi Sabata. Mwana yemwe akufuna kumaseweranso timu ya ligi adziwiretu kuti masewero ambiri a ligi amagwa Loweruka ndi Lamulungu. Si vuto kwa wothamanga yemwe amadzuka yekha m'bandakucha, koma kwa goloboyi wofunidwa ndi timu, ndi nkhani yaikulu.

Yunivesite yaboma imapambana pa zinthu ziwiri: fizi yotsikirapo ndi chiwerengero cha ophunzira. Pomwe pali anthu ambiri, mpikisano wolowa mu timu umakula, ndipo luso limanoleka. Malawi University of Science and Technology (MUST) ku Ndata, m'boma la Thyolo, yomwe idayamba kulandira ophunzira mu 2014, ili ndi digiri ya Sports Science, ndipo kwa ine iyi ndiyo njira yokhayo pa zitatuzi yomwe masewero eniakewo amasanduka phunziro lopatsa ntchito: uphunzitsi wa timu, kuyendetsa mabungwe a masewero, kusamalira matupi a osewera. Vuto lake mukulidziwa. Kusankha kumayang'ana mapointi a MSCE, zigoli zomwe mwana adamwetsa pa bwalo la Kalulu ku Nchalo siziwerengedwa. Ndiponso boma si chitsimikizo choti timu ikhalitsa. Mzuni FC idafika mpaka mu Super League, koma yunivesite itasiya kuithandiza idasintha dzina kukhala Mzuzu Warriors. Ngati timu ya sukulu yaboma idatero, musadabwe yoyima payokha ikachepetsa ndalama za masewero chaka chomwe ophunzira alembetsa ochepa.

Njira yachitatu ndi kungolowa timu. Kuno mbiri yake ilipo; akuluakulu amakumbukabe timu ya Sucoma, ndipo bwalo la Kalulu ku Nchalo lalandirapo masewero a Super League. Kwa mnyamata yemwe ndi katswiri weniweni, ligi ya m'chigawo cha kummwera imamuonetsa kwa makochi msanga kuposa mpikisano uliwonse wa masukulu. Koma alawansi ya m'matimu ang'onoang'ono imabwera mwa apo ndi apo, ndipo ukavulala umabwerera kumudzi wopanda pepala. Matimu a yunifolomu, a asilikali ndi apolisi, ndiwo amasiyanako: Red Lions, Moyale Barracks, MAFCO, Kamuzu Barracks yomwe idatenga ligi mu 2016, ndi Blue Eagles ya apolisi. Kumeneko mwayi wa ntchito umatha kupitirira ngakhale mpira utatha. Kwa othamanga nakonso asilikali ndi apolisi akhala pothawira, popeza liwiro palokha silidyetsa munthu m'dziko muno.

Pali kanthu kena ka othamanga komwe sikalembedwa pa chikalata cha sukulu iliyonse. Mwana wa ku Nchalo amakula akuthamanga m'misewu yafumbi ya pakati pa minda ya nzimbe, nthawi ya 5 koloko m'mawa, chifukwa mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo masana sungayerekeze. Nthaka yake ndi yathyathyathya, pafupifupi mulingo wa nyanja yamchere. Ukamutenga kupita naye ku Nguludi kapena ku Thyolo, akupeza zitunda, chiperoni cha mu Juni, ndi mpweya wopepukirapo. Masabata oyamba amapuma wefuwefu, ena mpaka kumuseka kuti adangotchuka kumudzi. Akapirira, mapapo amazolowera ndipo amabwerera kuchigwa ali wamphamvu kuposa kale. Mwa ichi chokha, sukulu iliyonse ya kumtunda ndi phindu kwa wothamanga mtunda wautali, kaya ndi yaboma kaya ya mpingo. Wa mamita 100 kapena 400 yekha ndiye amasowa pogwira, chifukwa njira yamakono yothamangira ngati ya pa Bingu National Stadium ku Lilongwe simuipeza pa sukulu wamba. Adzathamanga pa udzu wolembedwa ndi laimu.

Ndiye ine ndikadakhala malume a mwanayo, ndikadati: mapointi akalola, yaboma, makamaka MUST ngati mtima wake uli pa masewero mpaka kalekale. Akapanda kulola koma ndalama ya thonje kapena ya mbuzi ikukwana, yoyima payokha, koma musankhe chifukwa cha digiri yake, timu ikhale ndiwo zapambali. Timu yokhayokha popanda sukulu ndingavomere kwa yekhayo yemwe makochi akumulondola okha pakhomo.

Musanalipire ndalama yolembetsera, onani ngati pulogalamuyo ndi yovomerezeka ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro aukachenjede, chifukwa ngongole ya ophunzira yochokera ku bungwe la boma la HESLGB imafikanso ku mayunivesite oyima paokha ovomerezeka. Kenako pitani pa sukulupo tsiku la pakati pa sabata cha m'ma 4 koloko madzulo, muone ngati pabwalo pali anthu, ngati pali kochi kapena ophunzira akungodziphunzitsa okha, ndipo mufunse mmodzi wa osewerawo kuti ulendo womaliza wa timu adalipira minibasi ndani.