Anyamata odya moto pa ukwati wa ku Senga Bay: luso lilipo, chitetezo n'choperewera

Gulu la anyamata anayi ochita masewero a moto, limene komiti yathu inaliitanitsa kuchokera ku Lilongwe pa ukwati wa mwana wa mlongo wanga ku Senga Bay m'boma la Salima, ndi lodziwa ntchito yake ndipo ndikhoza kuliitananso. Komabe sindingalangize munthu kuti aliitane pongomvana mtengo pa foni n'kuyembekeza kuti zina zonse ziyenda zokha, chifukwa masewero amenewa amafuna kuti eni mwambo nawonso akonzeke.

Chimene chinandipatsa chikhulupiriro n'chakuti anafika kukali masana, ndipo mtsogoleri wawo asanatsitse n'komwe katundu anayamba wayendera malo. Unali mwezi wa July, mwera ukuomba mwamphamvu kuchokera kum'mwera monga umachitira nyengo yozizira kunyanja. Komiti inali itawakonzera malo pafupi ndi tebulo la akwati, moyandikana ndi chisakasa chofolera udzu, koma iye anakana mwaulemu n'kusankha pamchenga poyera, pamene mphepo imuombe kumsana ndi kukankhira malawi kumadzi. Wapampando wa komiti anadandaula kuti ojambula zithunzi avutika, koma mnyamatayo sanasunthike, ndipo ndimamuyamikira kwambiri pa zimenezi. Mu September 2023 anthu oposa 100 anafa pa ukwati ku Hamdaniya m'dziko la Iraq, pamene makombola okometsera mwambo anayatsa denga la holo, choncho wosewera ndi moto amene amayamba wayang'ana denga ndi woyenera kumumvera.

Masewero anayamba kutada, ng'oma ziwiri zikulira. Anayamba ndi ndodo yoyaka mbali zonse ziwiri imene amaizunguza n'kumaponyerana, yofanana ndi gule wa mpeni wa ku Samoa amene Freddie Letuli anamuwonjezera moto mu 1946. Gawo limeneli linali lokongola ngakhale linatalika pang'ono. Pamene ndinachita chidwi kwambiri ndi podya moto penipeni, chifukwa ndinali pafupi ndipo ndinaona bwino mmene amachitira. Mnyamatayo anatangadza miyendo, anapendeketsa mutu chagada mpaka nkhope inayang'ana kumwamba, kenako anatsitsa muuni mowongoka n'kuulowetsa mkamwa mosathamanga. Kutentha kwa moto kumakwera m'mwamba, ndiye mutu ukapendekeka chotero malawi amatsata ndodo ya muuni m'malo mopsereza nkhope. Pa nthawi yonseyo amatulutsa mpweya pang'onopang'ono, ndipo akatseka milomo motowo umasowa mpweya n'kuzima. Palibe mankhwala kapena matsenga monga ankanong'onezana amayi ena kumbuyo kwanga. Chachikulu n'chakuti asakokere mpweya mkati ngakhale kamodzi, pakuti akatero nthunzi yotentha imawotcha kummero ndi m'mapapo.

Kenako kunabwera kulavula moto, kumene anthu anakuwa ndi kululutira kwambiri, koma ndiko koopsa kuposa zonse. Munthu amavwira mafuta mkamwa n'kuwapemerera ngati nkhungu pa muuni woyaka. Gululi linagwiritsa ntchito parafini, ndipo linachita bwino, chifukwa nthunzi ya parafini siyamba kuyaka mpaka mafutawo atatentha kufika madigiri pafupifupi 38, pamene nthunzi ya petulo imayaka ngakhale kukuzizira kotheratu ndipo motowo ukhoza kubwerera kukamwa kwa wolavulayo. Izi sizitanthauza kuti parafini ndi wabwino m'thupi. Timadontho tochepa tikalowa m'mapapo timayambitsa chibayo choopsa chimene madokotala amachidziwa bwino pakati pa anthu a ntchito imeneyi, ndipo ndi chifukwa chomwecho achipatala amaletsa kusanzitsa mwana amene wamwa parafini.

Apa ndi pamene pali madandaulo anga, ndipo si ang'onoang'ono. Parafini wawo anali m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi lopanda chizindikiro chilichonse, ndipo analisiya pamchenga pafupi ndi pamene ana ankasewera, mpaka mayi wina analichotsa n'kukalipereka kwa woimba ng'oma. Analibe chozimitsira moto kapena bulangeti lozimitsira moto, koma thaulo limodzi lonyowa ndi ndowa ya madzi, chikhalirecho mafuta oyaka sazimitsidwa ndi madzi. Wamng'ono mwa iwo anavala jezi ya mpira, nsalu imene imasungunuka n'kumatirira pakhungu ikagwira moto, pamene anzake anavala zathonje monga zimafunikira. Choipa kwambiri n'chakuti sanaike chingwe kapena malire alionse. Kwathu kuno munthu akavina bwino timamufupa, ndiye anthu anakhamukira kutsogolo ndi ndalama m'manja mnyamata ali ndi parafini mkamwa, ena mwa iwo atsikana operekeza mkwatibwi amene anavala madiresi onyezimira ndi tsitsi loikirira. Mnyamatayo anachita kubwerera m'mbuyo n'kulavulira mafutawo pansi. Anyamatawo akanangouza woyendetsa mwambo kuti alengeze zoti kufupa kuchitike pamapeto ndipo ndalama ziikidwe m'lichero, zonsezi sizikanachitika.

Atamaliza ndinacheza ndi mtsogoleri uja akutsuka mkamwa. Milomo yake inali ndi timabala takale, tsitsi la pamkono linali lowauka, ndipo ananena kuti akasewera usiku wotere amagona ndi fungo la parafini kukhosi ndipo chakudya sichimukomera mpaka mawa lake. Nditamufunsa za chozimitsira moto anayankha kuti, "Mayi, anthu amatinenerera mtengo mpaka timangotsala ndi ya mayendedwe ndi ya mafuta." Yankho limeneli silichotsa udindo wawo, koma ndikulimvetsa, chifukwa eni maukwati ambiri salimbana ndi mtengo wa keke kapena wa zokongoletsa malo, koma akafika pa munthu amene akuika mapapo ake pachiswe amayamba kunenerera. Ngozi ikagwa palibe amene amamulipirira, ndipo munthu wopsa kwambiri ku Senga Bay angafunike kupita naye kuchipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene kuli gawo la anthu opsa ndi moto, mtunda woposa makilomita 100 usiku.

Amene mukufuna kuwaitana, mulipire mtengo umene atchula, koma mugwirizane polemba kuti abwera ndi chozimitsira moto, mafuta awo akhala m'chigubu chotsekeka cholembedwa bwino, ndipo mmodzi wa iwo sasewera koma aima pambali ndi thaulo lonyowa kuyang'anira anzake. Mufunse eni malo ngati amalola moto, ndipo masewerowa asachitikire mu holo, mu tenti kapena pansi pa denga la udzu. Pakhalenso galimoto imodzi yosatsekeredwa ndi ena, yokhala ndi dalaivala amene sanamwe mowa. Powerengera mbale za chakudya muwawerengere nawo ndipo muwasungire, chifukwa anyamata amenewa anakana kudya asanasewere, ndipo pamene ankamaliza ophika anali atayamba kale kutsuka mapoto.