Kubwera ndi nsomba kuchokera ku Henties Bay: firiji ya gasi, ya kompuresa kapena ayezi?

Anthu ambiri a ku Gauteng, chigawo cha South Africa, akamapita kukawedza kabeljou, galjoen ndi steenbras ku Henties Bay, kugombe la Namibia, amayenda pamdipiti: wina ndi motorhome (galimoto yokhala ndi chipinda chogonamo), wina akukoka kalavani ndi bakkie (pikapu). Pobwerera pali makilomita pafupifupi 1,800. Mumadutsa Swakopmund, Usakos, Okahandja, Windhoek ndi Gobabis, kuwoloka malire pa Buitepos ndi Mamuno, kudula Botswana kudzera ku Kang ndi Jwaneng, kenako kulowa mu South Africa pa Skilpadshek. Ndi galimoto zolemera chonchi, amenewa ndi masiku awiri kapena atatu nsomba zili m'galimoto.

Chimene chimapusitsa anthu ndi nyengo ya kugombe. Madzi ozizira am'nyanja otchedwa Benguela amabweretsa chifunga ndi kamphepo, moti firiji iliyonse imaoneka yamphamvu. Mukangofika cha ku Usakos zinthu zimasintha, ndipo kuchipululu cha Kalahari mu Disembala ndi Januwale kumatentha kupitirira madigiri 35. Nsomba zili pa madigiri 5 zimawonongeka msanga pafupifupi kawiri kuposa zili pa 0, ndipo zikafika pa 10 liwirolo limakhala kanayi. Njira iliyonse yosungira nsomba muiyese ndi kutentha kwa ku Kang, osati kwa ku Henties Bay.

Tiyambe ndi firiji ya gasi, chifukwa ndi imene ili kale m'makalavani ndi ma motorhome ambiri akale. Imagwira ndi gasi, 12V kapena 220V, ilibe kompuresa, ndipo imaziziritsa potenthetsa amoniya wosakaniza ndi madzi. Pamalo ogona ndi yabwino zedi: siisokosera ndipo botolo la gasi limakhala masiku ambiri. Koma nthawi zambiri imatsitsa kutentha ndi madigiri 20 mpaka 25 okha poyerekeza ndi kunja. Kunja kukakhala 38, m'kati mungakhale 13 kapena kuposa, ndipo pamenepo nsomba zayamba kale kuvunda. Pa 12V imakoka ma amp pafupifupi 10 osapuma, ndiye batire ya 100Ah ya mtovu imafika theka m'maola asanu injini itazima. Imafunanso kuima molingana. Mukaimika galimoto pamtsetse kwa nthawi yaitali, amoniya sayenda bwino m'mapaipi ndipo firiji imasiya kuziziritsa. Lawi lake liyenera kuzimitsidwa musanalowe pomwetsera mafuta. Mukhoza kuithandiza poimika mbali ya timazenera take topumira kumthunzi ndi kuikamo kafani kakang'ono ka 12V kotulutsa mpweya wotentha. Ngakhale mutatero, ikanimo mkaka, masamba ndi zakumwa. Nsomba za ulendo wamasiku atatu ayi.

Firiji ya kompuresa, monga za Engel, National Luna, SnoMaster ndi Dometic, imafika pa madigiri -18 ngakhale kunja kukutentha, ndipo siisamala ngati galimoto yapendekeka kapena ikugwedezeka. Kompuresa ikamazungulira imakoka ma amp 3 mpaka 5. Mukaiika pouma gwa m'nyengo yotentha imazungulira nthawi yambiri, moti 50Ah patsiku si zachilendo. Batire ya mtovu ya mtundu wa AGM ya 100Ah imakupatsani pafupifupi 50Ah musanaiwononge, pomwe ya lithium yofanana nayo imapereka 80 kapena kuposa. Usiku umodzi pa Kang AGM yodzaza bwino imakwanitsa, koma usiku uwiri popanda 220V kapena sola ndi kudziika pachiswe.

Firiji imeneyi ikalephera, nthawi zambiri wolakwa ndi waya. Pulagi yoyatsira fodya imasololoka ndi kugwedezeka, ndipo palibe amene amazindikira mpaka madzulo. Pa kalavani vuto limakula, chifukwa magetsi amayenda mamita 6 mpaka 8 kuchokera ku injini. Akadutsa pa tiwaya toonda ta pulagi ya mapini 7, mphamvu imatsika panjira, firiji n'kuona ngati batire yatha, n'kudzizimitsa yokha cha pa 11V. Chofunika ndi waya wa 16mm², pulagi ya Brad Harrison yopirira magetsi ambiri, fyuzi pafupi ndi batire, ndi chaja ya DC-DC yodzazira batire ya firiji kuchokera ku injini, makamaka pa galimoto zatsopano zomwe alternator yake imadzitsitsa mphamvu ikaona kuti batire ya injini yadzaza. Apa motorhome ili ndi mwayi: waya ndi wamfupi, ndipo wokhala kumpando wapambali amatha kuona nambala ya kutentha ulendo uli m'kati. Siyani mpata wa masentimita 5 mpaka 10 pomwe firiji imapumira. Zikwama ndi mabulangete zikatseka pamenepo, kompuresa imatentha n'kumadya magetsi ochuluka.

China chimene ambiri amalakwitsa: firiji yam'galimoto imasunga zouma kale, siiumitsa msanga nsomba zambiri zaziwisi. Mukaponyamo makilogalamu 20 m'mawa wonyamuka, zam'mphepete zimauma koma zapakati zimakhalabe zofewa tsiku lonse. Umitsani nsomba mufiriza yaikulu ya 220V masiku awiri musananyamuke, m'timapaketi tophwatalala tosapitirira masentimita atatu, mutachotsamo mpweya. Mudzaze firijiyo mpaka pakamwa, ndipo mpata wotsala muikemo mabotolo a madzi ouma.

Bokosi la ayezi ndi lotchipa, silifuna batire, ndipo kwa ofuna nsomba zosaumitsa ndi limene limasunga kukoma. Ntchito yake imayambira pagombe: nsomba ikangotuluka m'madzi, ikhetseni magazi, itumbuleni, chotsani zofiira zam'mbali mwa mutu, muitsuke ndi madzi am'nyanja. Pa ulendo uwu ayezi akhale makilogalamu awiri pa kilogalamu imodzi ya nsomba. Zibuma za ayezi zikhale pansi chifukwa zimachedwa kusungunuka, wophwanya alowe m'mimba mwa nsomba ndi pakati pa mizere. Madzi osungunuka muziwatulutsa paliponse mwaima, chifukwa nsomba yoviikidwa m'madzi imafewa n'kutaya kukoma. Onjezani ayezi pa Windhoek ndi pa Gobabis, osadikira kuti ayambe watha. Kuipa kwake ndi kulemera: nsomba zamakilogalamu 20, ayezi 40 ndi bokosi lenilenilo zimayandikira makilogalamu 70. Mu kalavani katundu ameneyu akhale pamwamba pa ekiselo, atamangidwa. Akakhala kumbuyo kwenikweni kalavani imayamba kuvina, makamaka thiraki ikamakudutsani.

Za ayezi wouma (dry ice), wozizira mpaka madigiri -78, chonde samalani. Akamasungunuka amasanduka mpweya wa carbon dioxide, ndipo mu motorhome, momwe anthu ndi katundu ali m'chipinda chimodzi, angakomole woyendetsa. Malo ake ndi kumbuyo kwa bakkie, osati pomwe anthu akupuma kapena kugona.

Pa gulu la galimoto zitatu kapena zinayi, kugawana kumaposa aliyense kusunga zake. Firiji ya kompuresa yomwe ili ndi waya wabwino ndi batire yaikulu itenge nsomba zonse zouma, ndipo isatsegulidwe mpaka kunyumba. Zakudya ndi zakumwa zapanjira zipite mufiriji ya gasi, nsomba zodya masiku oyambirira zikhale pa ayezi. Paketi iliyonse ilembedwe dzina la mwini wake, mtundu wa nsomba ndi tsiku, ndipo aliyense asunge chilolezo chake chowedzera pafupi, chifukwa malamulo a Namibia amaika malire pa kukula ndi kuchuluka kwa nsomba zimene munthu mmodzi anganyamule. Konzani zofika pa Kang dzuwa lisanalowe: mumsewu wa A2 wodutsa m'Botswana ng'ombe ndi abulu zimayenda usiku, ndipo wofika msanga ndi amene amapeza malo okhala ndi pulagi ya 220V.