Mainjiniya amene anayamba ndi denga asanakambe za makina oziziritsa

Titaganiza zoika makina oziziritsa mpweya mu ofesi yathu, tinaitana kampani ina ya mainjiniya, tikuyembekezera kuti angotiuza makina oti tigule. Koma katswiri amene anabwera tsiku loyamba sanatchule makina n'komwe. Anakwera kudenga, anayeza mawindo, n'kufunsa kuti m'chipinda chilichonse mumakhala anthu angati ndi makompyuta angati, popeza munthu amene wangokhala pa desiki amatulutsa kutentha kwa mawati pafupifupi 100.

Malangizo awo anali akuti tiyambe tatseka njira zimene kutentha kumalowera. Anayala zotchinga kutentha pamwamba pa siling'i, ndipo mawindo a kumadzulo anawaikira zotchingira dzuwa chakunja, chifukwa katani la mkati limatchinga kuwala kutentha kutalowa kale. Apa m'pamene ndinawakhulupirira, pakuti wofuna kungogulitsa sangayambe ndi ntchito imene ichepetsa malonda ake.

Zitatha izi anasankha makina ocheperapo kuposa amene tinkafuna, a mtundu wa inverter. Anafotokoza kuti makina aakulu mopitirira amaziziritsa chipinda msanga n'kuzima, kenako n'kuyakanso, moti chinyontho chimatsala mumpweya ndipo kompuresa, imene imapopa mpweya woziziritsa m'makinamo, imatha msanga, pamene a inverter amangochepetsa liwiro n'kumagwirabe ntchito pang'onopang'ono. Nyengo yozizira makina omwewa amatenthetsa, ndipo pa yuniti imodzi ya magetsi amatha kupereka kutentha kwa mayuniti atatu, chifukwa sapanga kutentha ngati hita ya waya koma amakutenga panja n'kukulowetsa m'nyumba. Mpweya woziziritsa umene umazungulira m'makinawa ndi R32, umene ukatayikira panja umatenthetsa dziko kuwirikiza ka 675 kuposa mpweya wa carbon dioxide wolemera mofanana, pamene R410A, mpweya wina wa m'makina otere, umawirikiza ka 2,088. Mipweya yotereyi ikuchepetsedwa potsatira pangano la mayiko limene linachitikira ku Kigali mu 2016. Komanso R32 imatha kugwira moto, ngakhale movutirapo, choncho imafuna mmisiri wophunzira bwino.

Zodandaula zilipo. Lipoti lawo linadzaza ndi mawu a ntchito amene palibe wa ife anawamva, mpaka tinachita kupempha kuti alilembenso. Chachiwiri, gawo lapanja la makina analiika pansi pa windo la chipinda chochitira misonkhano, ndipo phokoso lake linkatisokoneza. Anadzalisuntha titawaimbira katatu. Asanachoke anatiphunzitsa kutsuka tokha masefa a mpweya mwezi uliwonse ndi kusiya makina pa madigiri 24, ndipo masana a dzuwa lamphamvu m'zipinda za kumadzulo tsopano mumakhalika.