Mitengo ya Khirisimasi: mudzale Norway spruce, paini kapena Nordmann?

Anthu mwandifunsa mokwanira za nkhaniyi, ndiye ndingoyankha kamodzi. Zoti mtengo umatenga zaka 7 mpaka 10 kuti ufike mamita awiri mukuzidziwa kale, iyi si bizinesi ya anthu opupuluma.

Ndiyambe ndi Norway spruce poti ndi amene ndili naye chakukhosi. Mbande zake ndi zotchipa, amakula msanga, amanunkhira bwino, ndipo mtengo umene mzinda wa Oslo umatumiza ku London chaka chilichonse kuyambira 1947 umakhala womwewu. Koma uja umaima panja pozizira. Wanuwo kasitomala akaulowetsa m'nyumba mofunda timasamba timayamba kuyoyoka Khirisimasi isanafike, pansi ponse mbwee, ukaugunda pang'ono timagwa ngati mvula. Amene anandigulitsa mbande anandiuza zonse zabwino koma izi sanatchule olo pang'ono, ndipo chondipweteka si ndalama zomwe ndinabweza kwa odandaula ayi, ndi zoti anthuwo chaka chotsatira sanabwerenso, chonsecho bizinesi iyi umagulitsa masabata ochepa okha pachaka ndiye kasitomala akakuthawa ulibe mwezi wina woti ukamupepese. Ena amati uzingodula mochedwa, kasitomala aziuika m'madzi. Zimathandizadi, koma ndani amakumbukira kuthira madzi?

Paini sasankha dothi kwambiri ndipo mitundu ina imapirira kutentha. Vuto lake ndi ntchito, chaka chilichonse uyenera kumudulira pa nthawi yake pomwe nsonga zatsopano zangotalika, ukajomba amangokhala mtengo wamba wopanda shepu. Ngati mudzalemba aganyu, werengeranitu ndalama imeneyo.

Nordmann kwawo ndi kumapiri a Caucasus, pakati pa Ulaya ndi Asia, alimi a ku Denmark amamulima kwambiri. Amachedwa kukula, mbande zake zimadula, fungo lake ndi lochepa. Koma masamba amagwirabe ngakhale mtengo utauma, ndipo sabaya ana. Amafuna malo ozizira ndi dothi losadikha madzi, pa chidikha mizu imawola. Udzu ndi agwape ndi vuto la yonse itatu, mpanda ndi kupalira simuzithawa.

Ngati kwanu kumatentha dzalani paini basi, Nordmann akafa. Ngati kumazizira ndipo mungathe kudikira, Nordmann. Spruce ine ndimangosiya mizere iwiri ya anthu ofuna mtengo woika panja.